Tchalitchi cha Frei Pedro ku Feira

Akatolika a ku Petauke ndi ku Nyimba akamawerenga zaka za mpingo wawo amayambira pa Minga, mishoni imene ansembe a White Fathers anatsekula mu 1923. Okonda mbiri amabwerera m'mbuyo mpaka ku Kachebere, 1903, kapena ku Mambwe Mwela kumpoto kuja, kumene chipani chomwechi chinafika mu 1891. Komatu nyumba ya ansembe yoyamba kudziwika m'dziko limene lero tikuti Zambia ndi yakale kuposa zonsezi, ndipo inali m'mbali mwa Luangwa wathu yemweyu. Munthu wochokera ku Nyimba akadutsa Kacholola n'kuwoloka mlatho, pamsika paja pa nsomba zouma ndi madengu, amapeza msewu wokhotera kumanzere. Msewuwo umatsata mtsinje makilomita pafupifupi 90 mpaka ku boma la Luangwa, limene akuluakulu amalitchulabe kuti Feira. Pamenepo Luangwa amathira mu Zambezi. Kutsidya la Luangwa ndi Zumbo wa ku Mozambique, ndipo kutsidya la Zambezi, kumtunda pang'ono, ndi Kanyemba wa ku Zimbabwe. Chipilala cha chikumbutso chimene chili pa Feira chimanena kuti mu 1745 wansembe wa chipani cha aDominiko, Frei Pedro da Santíssima Trindade, anamanga pamalopo tchalitchi ndi nyumba ya amonke.

Maso a wansembe ngati ameneyu anali atazolowera matchalitchi a mtundu wina, a mamangidwe otchedwa baroque. Mpingo wa ku Ulaya utagawanika, maepiskopi a Katolika anakumana ku Trent kuyambira 1545 mpaka 1563, ndipo mwa zina anagamula kuti zithunzi ndi ziboliboli za oyera zikhalebe m'matchalitchi popeza zimaphunzitsa anthu. Aprotestanti ambiri ankachotsa zokongoletsa n'kusiya makoma opanda kanthu ndi gome la mlaliki. Akatolika anachita kuwonjeza dala. Ankafuna kuti tchalitchi chimugwire mtima munthu asanamve n'komwe ulaliki: nsanamira zopotana, angelo olendewera m'mwamba, kuwala kogwera paguwa kuchokera pa zenera lobisika, denga lojambulidwa mochita kuoneka kuti kumwamba kwatseguka. Cha aJezuiti ku Roma, chotchedwa Gesù, chimene anayamba kumanga mu 1568, chinakhala chitsanzo cha ena ambirimbiri. Apwitikizi anaikapo luso lawolawo. Ankasema pamatabwa maluwa, mphesa, mbalame ndi tiana ta angelo, kenako n'kumatapo golide wosulidwa mopyapyala ngati khoko la anyezi, mpaka khoma lonse la kuseri kwa guwa n'kumachita ng'aning'ani makandulo akayaka. Pa nthawi imene Frei Pedro anali ku Zumbo, mfumu João V ya ku Portugal inali kuthira golide wa ku Brazil pa nyumba ya amonke ya ku Mafra, imene inayambidwa mu 1717 ndipo nsanja zake ziwiri zili ndi mabelu oposa 90.

Ansembe a ku Zambezi ankayang'ana kum'mawa. Likulu lawo linali Goa, ku India, kumene ambiri anaphunzira ndipo ena anabadwira komweko. Ngakhale boma la Apwitikizi ku Mozambique linkalamulidwa kuchokera ku Goa mpaka 1752. Mu mzinda umenewo muli tchalitchi cha Bom Jesus, chomangidwa pakati pa 1594 ndi 1605, momwe muli thupi la Francisco Xavier m'bokosi la siliva. Kuseri kwa guwa lake lalikulu, khoma lonse ndi matabwa osemedwa okutidwa ndi golide. Pakati pali chiboliboli chachikulu cha Ignatius Loyola, woyambitsa chipani cha aJezuiti, atakweza nkhope kuyang'ana zilembo zitatu, IHS, zoimira dzina la Yesu, zozunguliridwa ndi malawi a dzuwa. Luso lomweli linawoloka nyanja n'kufika pa chilumba cha Mozambique, pomwe aJezuiti anamanga sukulu yawo ya São Paulo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600. Kachisi wa sukuluyo alipobe, ndi guwa lake la matabwa a golide ndiponso gome lolalikirapo lomatirira kukhoma, losemedwa ndi kupakidwa utoto monga ankachitira amisiri a ku India. Wansembe aliyense wopita ku Sena, ku Tete kapena ku Zumbo ankatsikira pa chilumbachi kaye. Golide wa paguwa ankamusiya pamenepo. Kulowera kumtunda kwa mtsinje, matchalitchi ankacheperachepera.

Chikhalirecho, chuma chimene chinkayendetsa malonda a Goa ndi gombe la Africa chinkatsika ndi mtsinje womwewo. Zumbo anakhazikitsidwa cha m'ma 1720 ndi amalonda ochokera ku Goa, ndipo kwa zaka makumi angapo anali msika wolemera kwambiri kumtunda kwa Zambezi. Golide wambiri ankachokera kum'mwera, m'dziko la Changamire wa aRozvi, amene sankalola amalonda achilendo kuponda m'dziko lake. Iwo ankangotuma anthu awo akuda ndi mitolo ya nsalu ndi mikanda n'kumadikira pa Zumbo. Kumpoto kwa Zambezi kunalinso timigodi tating'ono, ndipo ntchito yokumba ndi kutsuka golide kumeneko inkagwiridwa makamaka ndi akazi akapolo. Kuchokera m'chigwa cha Luangwa ndi kupitirira, kwa aNsenga, aLenje ndi aBisa, kunkabwera mkuwa ndi minyanga ya njovu.

Minyangayi ndi yofunika kuitsatira kumene inkapita. Amisiri a ku India ankakonda mnyanga wa njovu ya ku Africa kuposa wa kwawo chifukwa ndi waukulu ndipo umasemeka bwino. Wambiri unkathera ku zibangili za akwati, koma wina unkagwera m'manja mwa osema zachipembedzo a ku Goa. Chiboliboli chawo chotchuka ndi cha Mbusa Wabwino. Yesu ali kamnyamata kovala chikopa cha nkhosa, wakhala pansi atapingasa miyendo, tsaya lili padzanja, maso ali pafupi kutsekeka. Paphewa pali kamwanawankhosa, pamwendo pali kena, m'chiuno muli kachikho ka madzi. Pansi pake pali kaphiri ka nsanjika zingapo: kasupe akutuluka, mbalame ndi nkhosa zikumwa, ndipo m'phanga la pansi penipeni Maria wa ku Magadala wagona chammbali akuwerenga buku. Zonsezi zili pa chinthu chotha kunyamulidwa ndi dzanja limodzi, ubweya wa nkhosa uliwonse wogobedwa pawokha. Ziboliboli zoterezi lero zili m'nyumba zosungiramo zakale ku Lisbon ndi ku London. Kapepala kofotokozera kamatchula Goa ndi zaka za m'ma 1600. Dziko limene njovuyo inkadya msipu silitchulidwa kawirikawiri.

Frei Pedro anafika ku Zumbo m'zaka za m'ma 1720 ndipo anakhalako mpaka imfa yake cha m'ma 1750. ADominiko anali atakhala kale ku Mozambique kuyambira 1577, ovala mkanjo woyera ndi chofunda chakuda, odziwika ndi ulaliki ndi kolona. Parishi ya Zumbo inaperekedwa kwa Nossa Senhora dos Remédios, Amayi Maria othandiza odwala, ndipo dzinalo linamuyenera wansembe wake, pakuti anthu ankamudziwa ngati sing'anga. Patapita zaka 100 chimwalirireni, David Livingstone anamvabe za mankhwala a Bambo Pedro a ku Zumbo, osakaniza zitsamba zingapo ndi mafuta a nsatsi, othira pa bala la muvi wa poizoni. Livingstone anamulemba ngati mJezuiti, ndipo ambiri obwera pambuyo anangotengera cholakwacho. Mbiri ina imene inasungidwa imati m'chaka cha njala yaikulu Frei Pedro anatsekula nkhokwe zake, ndipo amene ankalandira chakudya ndiwo anasenza miyala yomangira tchalitchi.

Nkhani ya nkhokweyi ndi yokoma kumva, koma munthu angafunse kuti wansembe wolumbira umphawi anazitenga kuti nkhokwe zodyetsa dera lonse. Yankho lake n'losabisika. Frei Pedro anali ndi migodi, anali ndi akapolo ambiri, ankachita malonda, ndipo pa Zumbo mawu ake ankalemera kuposa a akuluakulu a boma. Sanali yekha. Malipiro a ansembe ochokera ku boma anali ochepa ndiponso ochedwa, choncho aDominiko ndi aJezuiti omwe anali ndi minda ikuluikulu m'chigwa cha Zambezi yolimidwa ndi akapolo. Abwanamkubwa a Chipwitikizi ankadandaula m'makalata awo kuti ansembe a kumitsinje atanganidwa ndi nsalu ndi golide kuposa katekisimu. Ena mwa madandaulowo anali a nsanje ya amalonda anzawo, komabe zipatso zake zikuoneka: zaka zoposa 100 za aDominiko pa Zumbo sizinasiye mudzi wa Akhristu pakati pa aNsenga. Tchalitchicho chinali cha amalonda, akazi awo, ana awo ndi antchito a pakhomo. Misa inali ya Chilatini, wansembe atafulatira anthu.

Zipangizo za Misa imeneyo zinkayenda ulendo wowawa. Chikho, buku la Misa, zovala za wansembe, lubani ndi vinyo zinkachokera ku Goa pa zombo zodalira mphepo ya nyengo. Ku Quelimane zinkalowa m'mabwato opita ku Sena ndi ku Tete. Kumtunda kwa Tete kuli mathithi amene lero anatsekedwa ndi damu la Cahora Bassa, ndipo bwato silinkadutsapo. Katundu yense ankatsitsidwa n'kusenzedwa pamutu masiku angapo mpaka ku Chicoa, kenako n'kulowanso m'mabwato a ku Zumbo. Chilichonse cholemera, kaya belu kaya chiboliboli, chinkadutsa pamapewa a amtengatenga. Miyala, dothi, mitengo ndi manja zinali za pompano.

Kugwa kwake kunabwera pang'onopang'ono. Golide wa kum'mwera anayamba kuchepa. Mu 1759 nduna yaikulu ya ku Portugal, Pombal, inathamangitsa aJezuiti m'maiko onse a Apwitikizi, ndipo sukulu ija ya São Paulo inasanduka nyumba ya bwanamkubwa. ADominiko anatsala, koma ochepa. Eni dziko nawo anatopa ndi alendowa: mu 1804 mfumu Mburuma ya aNsenga inaphwasula Zumbo, amalonda n'kuthawira ku Feira, ndipo atabwerera anaphwasulidwanso mu 1818. Chilala choopsa chinagwa m'chigwa chonse m'zaka za m'ma 1820. Mu 1834 boma la Portugal linatseka nyumba zonse za amonke aamuna n'kulanda katundu wawo. Mu Novembala 1835, tsiku la kadamsana, Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi kufupi ndi Zumbo n'kukakhala zaka zingapo m'dziko la aNsenga, chakuno kwathu. Chaka chotsatira Apwitikizi anachoka ku Zumbo.

Livingstone anafika pamathiriro a Luangwa pa 14 Januwale 1856, akuchokera kumadzulo. Mtima wake sunali m'malo, poti anthu a Mburuma ankamukayikira ndipo anam'bwereka bwato limodzi lokha lowolokera gulu lake lonse. Akuyendayenda m'mabwinja a miyala anapeza zotsalira za tchalitchi, ndipo pambali pake panali belu losweka lokhala ndi mtanda ndi zilembo zija, IHS, popanda chaka. Zilembozi anthu amazidziwa ngati chizindikiro cha aJezuiti, koma n'zakale kuposa chipanicho ndipo ena ankazigwiritsanso ntchito. Atawoloka anaona mabwinja a nyumba za miyala za amalonda pa Zumbo.

Apwitikizi anabwerera ku Zumbo mu 1862, ndipo zaka zotsatira zinali zowawa kwambiri kwa makolo athu. Eni mfuti monga José do Rosário Andrade, wodziwika kuti Kanyemba, ndi José de Araújo Lobo, wodziwika kuti Matakenya, ankatumiza asilikali awo, Achikunda, kukwera ndi Luangwa kukasaka minyanga ndi anthu. M'dziko lotereli ndi m'mene aJezuiti analowanso. Anatsekula mishoni ya Boroma kumtunda kwa Tete mu 1885, ndipo anamanga tchalitchi chachikulu paphiri loyang'ana Zambezi, chimene chikadaimabe. Kuchokera kumeneko Bambo István Czimermann wa ku Hungary anakwera mpaka ku Zumbo, komwe anamwalira mu 1894. Mishoni ya kumeneko inadzakhazikika pa Miruro, kufupi ndi Luangwa kumbali ya Mozambique, ndipo inaperekedwa kwa Pedro Claver, mJezuiti amene anatumikira akapolo pa doko la Cartagena ku South America ndipo anali atangolengezedwa kukhala woyera mu 1888.

Kusankha dzina limeneli sikunali kwangozi. Akhristu oyamba a Boroma ndi Miruro ambiri anali ana owomboledwa kwa ogulitsa anthu. Njira imeneyi ili ndi mfundo yake yovuta, pakuti wowombola amapereka nsalu kwa wogulitsa yemweyo, ndipo wogulitsayo mawa amapitanso kukagwira ena. Koma kusiyana kwake ndi nthawi ya Frei Pedro n'koonekeratu. Anawo ankaphunzira kuwerenga, ukalipentala, kusula zitsulo, kuumba ndi kuotcha njerwa, kusoka nsapato, ndipo atakula ankakwatirana n'kumanga midzi pafupi ndi mishoni. Ansembe nawo anayamba kuphunzira zilankhulo za anthu. Victor Courtois analemba galamala ndi dikishonale ya Chinyungwe cha ku Tete. Jules Torrend, katswiri wa zilankhulo amene anakhalapo ku Miruro, anachoka kumeneko wapansi mu 1905 n'kukayambitsa Kasisi pafupi ndi pamene lero pali Lusaka. Wina, László Menyhárth, ankatola zomera ndi kulemba za mvula ndi kutentha tsiku ndi tsiku. Anamwalira m'dera la Zumbo mu 1897, ndipo mtundu wina wa khonje wa kuthengo umatchedwa ndi dzina lake, Aloe menyharthii.

Kenako ndale za ku Lisbon zinagwetsanso zonse. Pa 5 Okutobala 1910 ufumu wa Portugal unagwetsedwa, ndipo pasanathe sabata boma latsopano linadzutsa lamulo lakale la Pombal lothamangitsa aJezuiti. Boroma ndi Miruro zinaperekedwa kwa ansembe a ku Germany a chipani cha Divine Word, koma iwonso anachotsedwa mu 1916 pamene Portugal inalowa nkhondo yolimbana ndi dziko lawo. Chaka chotsatira nkhondo ya Makombe youkira Apwitikizi inafika mpaka ku Zumbo, anthu ambiri n'kuthawira kutsidya la Angerezi. Tchalitchi cha Miruro lero ndi bwinja. Kawiri konse, mu 1834 ndi mu 1910, chipani cha ansembe a pamathiriro a Luangwa chinathetsedwa ndi cholembera cha anthu amene mtsinjewo sanauonepo.

Ulendo wachiwiriwu, komabe, panali kothawira. Luangwa anali atasanduka malire a maiko, ndipo aJezuiti a ku Miruro anali kale ndi kasukulu pa Kapoche kumbali ya Northern Rhodesia. Anangowoloka, ena mwa Akhristu awo n'kuwatsatira. Makoma anatsala kutsidya, koma amisiri a njerwa, akalipentala ndi akatekisiti anabwera nawo. Mu 1912 anakhazikitsa Katondwe, ndipo ntchitoyo inaperekedwa kwa aJezuiti a ku Poland, amene mu 1914 anatsekulanso Chingombe m'chigwa cha Luano. Mishoni zimenezi pamodzi ndi Kasisi ndi Chikuni ndizo zinabala chigawo cha mpingo cha Broken Hill mu 1927, chimene chinadzakula n'kukhala arkidayosizi ya Lusaka mu 1959. Arkiepiskopi wake woyamba, Adam Kozłowiecki, anali mJezuiti wa ku Poland amene anapulumuka ku ndende za Auschwitz ndi Dachau.

Mbali yathu ya mtsinje inalandira Chikatolika kuchokera kwina. A White Fathers anatsika kuchokera ku Kachebere, ndipo pofika pa Minga anapeza a Dutch Reformed atakhazikika kale ku Nyanje ndi ku Hofmeyr, a Anglican ali ku Msoro. Luangwa anakhala malire a zipani ziwiri, ndipo mpaka lero Petauke ndi Nyimba zili m'dayosizi ya Chipata pamene Katondwe ali pansi pa Lusaka. N'chifukwa chake mbiri ya Feira imamveka ngati ya eni ake, chonsecho minyanga ndi anthu amene ankatsika ndi mtsinje uja ambiri anali ochokera m'midzi ya aNsenga.

A White Fathers analibe chidwi ndi golide. Mamangidwe awo anali a njerwa zootcha pamalo pomwepo, makoma okhuthala, makonde a zipilala zokhota pamwamba kuti muzizizira. Msonkhano wa Vatican wachiwiri utatha mu 1965, guwa linasunthidwa kuti wansembe aziyang'ana anthu, Chilatini chinapatuka, ng'oma ndi visekese zinalowa. Osema a ku Kungoni, malo a zaluso amene Bambo Claude Boucher anayambitsa ku Mua m'dziko la Malawi mu 1976, anaonetsa kuti mtanda, tabenakulo ndi chiboliboli cha Amayi Maria zingathe kusemedwa ndi manja akuno, nkhope zake zakuno. Ntchito yawo inakafika mpaka ku kachisi wa bungwe la Missio ku Munich. M'matchalitchi ang'onoang'ono a m'midzi ya kwa Kalindawalo, kwa Ndake kapena kwa Nyalugwe, zokongoletsa ndi zimene Akhristu akwanitsa: mabenchi a kalipentala wa pamudzi olipiridwa ndi zitini za chimanga ndi nshawa za pamasika, nsalu ya paguwa yopetedwa ndi amayi a bungwe, maluwa m'chitini chokutidwa ndi pepala lonyezimira, zithunzi 14 za Njira ya Mtanda zimene zina zadyedwa ndi chiswe m'mphepete. Koitanira anthu kawirikawiri ndi chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa pamtengo, chimene katekisiti amamenya ndi bawuti.

Katondwe akadali pamsewu uja wa ku Feira. Pali parishi, sukulu ya atsikana ndi chipatala choyendetsedwa ndi masisitere a Little Servants of Mary Immaculate, chipani chimene chinachokeranso ku Poland. Chipatalachi chimadziwika ndi kusoka mabala a asodzi ndi amayi ogwidwa ndi ng'ona kapena kulumidwa ndi mvuu, ndipo odwala ena amachokera ku Zumbo ndi ku Kanyemba, kuwoloka pa bwato n'kukwera galimoto pa boma.